Gawo 6: Kufananitsa mphamvu zotha ndi mphamvu zobwerera

Mawu oyamba

M'gawo 5 munaphunzira kuti mphamvu siilengedwa ndipo siiwonongeka, imangosintha kuchoka mumtundu wina kupita mumtundu wina. M'gawo lino tifunsa funso lina: kodi mphamvu zimene timagwiritsa ntchito kunyumba, kusukulu ndi m'mafakitale zimachokera kuti, nanga zimatidyera chiyani?

Nkhaniyi si ya akatswiri okha ayi. Magetsi akazima mayeso atayandikira, mtengo wa thumba la makala ukakwera, kapena mizere ya galimoto ikatalika pamalo omwetsera mafuta, ophunzira anu amabwera ndi mafunso, ndipo amene amamufunsa ndi inu. Yankho lakuti "malasha ndi oipa, dzuwa ndi labwino" ndi losavuta kuloweza, koma silimuthandiza mwana amene kwawo amaphikira nkhuni kapena amene bambo ake amagwira ntchito kumgodi. Cholinga chathu ndi kukupatsani njira yoyezera gwero lililonse la mphamvu mwachilungamo.

Zolinga

Pomaliza gawo lino muzitha:
1. kusiyanitsa magwero a mphamvu otha ndi magwero obwerera;
2. kufananitsa magwerowa pogwiritsa ntchito mafunso anayi;
3. kufotokoza chifukwa chimene mayiko a m'chigawo chathu sangasinthire m'njira yofanana;
4. kukonza phunziro lochokera pa zimene ophunzira amaona kwawo.

Gawoli likutengerani maola pafupifupi atatu. Khalani ndi kope pafupi kuti muzilembamo mayankho a ntchito zonse.

6.1 Nkhokwe ndi kasupe

Taganizani za banja limene lili ndi zinthu ziwiri: nkhokwe yaikulu imene makolo anaisiya yodzadza, ndi kasupe wa madzi kuseri kwa nyumba. Munkhokwe mukatapa, palibe amene akuthiramo china. Pakasupe mukatunga lero, mawa mupezanso madzi, bola musatunge mopitirira mmene akutulukira.

Magwero otha ali ngati nkhokwe ija. Odziwika kwambiri ndi atatu: malasha, mafuta a pansi pa nthaka (amene amatipatsa petulo, dizilo ndi palafini) ndi gasi wachilengedwe. Malasha a kuno kummwera kwa Africa anapangidwa kuchokera ku zomera za m'madambo zimene zinakwiririka zaka zoposa 250 miliyoni zapitazo. Mafuta ndi gasi anachokera makamaka ku tizamoyo ting'onoting'ono ta m'nyanja timene tinakwiririka m'matope ndi kupanikizidwa ndi kutentha kwa pansi. Mphamvu imene ili m'zinthuzi ndi ya dzuwa lakalekale imene zomerazo zinasunga. Ife tikuitapa m'zaka mazana ochepa chabe.

Magwero obwerera ali ngati kasupe: kuwala kwa dzuwa, mphepo, madzi oyenda m'mitsinje, kutentha kwa pansi pa nthaka, komanso zomera monga nkhuni, nzimbe ndi zinyalala za m'munda.

Chenjerani ndi mawu. M'gawo lino "malasha" ndi mwala wakuda wokumba mumgodi, monga wa ku Hwange, ku Moatize, ku Maamba kapena ku Mchenga m'boma la Rumphi. "Makala" ndi otentha kuchokera ku mitengo. Koma ku Lusaka ndi madera ena a ku Zambia anthu amatcha makala a mitengo kuti malasha. Musanayambe phunziro, gwirizanani ndi ophunzira anu za mawu amene muziwagwiritsa ntchito.

Ntchito 1
Lembani zinthu zonse zofuna mphamvu zimene zachitika pakhomo panu kuyambira m'mawa mpaka tsopano. Pambali pa chilichonse lembani gwero lake, ndipo muonetse ngati ndi la "nkhokwe" kapena la "kasupe".

6.2 Mafunso anayi oyezera gwero lililonse

Funso loyamba: kodi likupezeka pa nthawi imene tikulifuna?

Apa magwero otha ali ndi mwayi waukulu, ndipo tisaubise. Malasha mungaunjike pabwalo kwa miyezi, dizilo mungamusunge mumgolo, n'kuyatsa usiku kapena usana. Lita imodzi ya dizilo imanyamula mphamvu zochuluka m'malo ochepa, n'chifukwa chake malole ndi mathirakitala amayenderabe dizilo. Dzuwa limalowa madzulo, nthawi yomwe ija anthu akufuna kuunikira ndi kuphika. Mphepo imawomba mmene yafunira. Madzi a m'damu amasungika, koma amadalira mvula.

Komabe musaganize kuti malasha ndiye kuti magetsi osazima. Dziko la South Africa limapanga magetsi ake ambiri, pafupifupi magawo 80 pa 100 alionse, kuchokera ku malasha, koma linayamba kuthimitsa magetsi mosinthanasinthana kumapeto kwa 2007, ndipo vutoli linafika poipa kwambiri mu 2023 chifukwa cha kuwonongekawonongeka kwa masiteshoni akale. Gwero lililonse limafuna makina osamalidwa bwino.

Funso lachiwiri: kodi limadya ndalama zingati, nanga ndalamazo zimapita kuti?

Pali mitengo iwiri: wogulira makina ndi woyendetsera makinawo tsiku ndi tsiku. Jenereta ya dizilo ndi yotsika mtengo poigula, koma imamwa mafuta tsiku lililonse mpaka kufa kwake. Mapanelo a sola amafuna ndalama zambiri poyamba, koma dzuwa silitumiza bilu. Mtengo wa mapanelo unatsika ndi magawo pafupifupi 90 pa 100 pakati pa 2010 ndi 2020, moti lero m'mayiko ambiri siteshoni yatsopano ya dzuwa kapena ya mphepo imapanga yuniti ya magetsi motchipa kuposa siteshoni yatsopano ya malasha. Mabatire osungira magetsi nawonso atsika mtengo, ngakhale akadali gawo lodula.

Onaninso kumene ndalama zikupita. Mayiko opanda nyanja yamchere monga Malawi, Zambia ndi Zimbabwe amagula mafuta kunja ndi ndalama zakunja, n'kuwanyamula mtunda wautali kuchokera kumadoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Ndalama zakunja zikasowa, mapampu amauma. Dzuwa ndi mitsinje, paja, sitiziitanitsa kunja. Makina okha ndiwo timagula.

Funso lachitatu: kodi limachita chiyani ku thanzi la anthu ndi ku chilengedwe?

Chinthu chilichonse chokhala ndi kaboni chikapsa chimatulutsa mpweya wa carbon dioxide. Mpweyawu umasunga kutentha pafupi ndi dziko ngati bulangete. Bulangete limodzi ndi lofunika, popanda ilo dziko likanazizira koopsa. Vuto ndi kuonjezera mabulangete nthawi yotentha. Mafakitale asanayambe, m'magawo 1 miliyoni alionse a mpweya wa mumlengalenga munali magawo pafupifupi 280 a carbon dioxide. Pofika 2024 anali atapitirira 420, ndipo chaka chimenecho chinatentha kuposa zaka zonse za m'mbuyo mwake chiyambireni kuyeza.

Bungwe la akatswiri a zanyengo la IPCC, m'lipoti lake la 2014, linayerekeza mpweya umene umatuluka popanga yuniti imodzi ya magetsi, yomwe ija timagula pa mita, kuwerengera kuyambira pomanga siteshoni mpaka pakuitseka:
malasha: magalamu pafupifupi 820
gasi: magalamu pafupifupi 490
dzuwa: magalamu 40 mpaka 50
madzi: magalamu pafupifupi 24
mphepo: magalamu pafupifupi 12

Onani kuti palibe gwero limene lili pa ziro. Kupanga mapanelo ndi simenti ya damu kumatulutsanso mpweya. Koma kusiyana kwake ndi kwakukulu ndithu.

Ophunzira akuluakulu amadabwa akamva kuti lita imodzi ya dizilo, imene siikwana n'kilogalamu imodzi, imatulutsa makilogalamu pafupifupi 2.7 a carbon dioxide. Zitheka bwanji? Kaboni wa mumafuta amagwirana ndi okosijeni wa mumlengalenga, ndipo kulemera kwa okosijeniyo ndiko kumaonjezera. Limeneli ndi funso labwino loyambira phunziro.

Kupatula mpweyawu, malasha amatulutsa utsi wa salifa ndi fumbi lolowa m'mapapo. Mu 2022 khoti lalikulu ku Pretoria linagamula kuti mpweya woipa wa m'dera la Highveld, kumene kuli masiteshoni ambiri a malasha, ukuphwanya ufulu wa anthu wokhala pamalo osawononga thanzi lawo.

Funso lachinayi: akupindula ndani, nanga akulipira ndani?

Funso ili limakhudza magwero onse. Damu la Kariba, limene linamangidwa m'zaka za m'ma 1950, limapatsa Zambia ndi Zimbabwe magetsi aukhondo, koma pomanga anasamutsa Atonga pafupifupi 57,000 m'chigwa cha Zambezi, ndipo midzi yambiri ya m'mbali mwa nyanjayo inakhala zaka zambiri yopanda magetsi. Mabatire ndi mawaya a mphamvu zaukhondo amafuna kobati wa ku DRC, kopa wa ku Zambia ndi lithiamu wa ku Zimbabwe, ndipo m'migodi ina ya kobati mwapezeka ana akugwira ntchito. Mawu akuti "mphamvu zaukhondo" asatiletse kufunsa kuti wataya munda ndani, wapeza ntchito ndani.

Ntchito 2
Jambulani tebulo la mizere isanu ndi umodzi (malasha, dizilo, madzi, dzuwa, mphepo, nkhuni) ndi madanga anayi a mafunso athu. M'danga lililonse lembani chiganizo chimodzi chachifupi. Ndi gwero liti limene lapambana mafunso onse anayi?

6.3 Nkhuni ndi makala: kasupe amene akuphwa

Ngati munachita Ntchito 1 moona mtima, mwina mwaona kuti mphamvu zambiri pakhomo zimapita kukhitchini. Ku Malawi mabanja oposa 90 pa 100 alionse amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo ku Zambia, Mozambique ndi DRC mabanja ambiri amachita chimodzimodzi.

Mabuku amaika nkhuni m'gulu la magwero obwerera. Izi ndi zoona pokhapokha mitengo ikukula mofulumira ngati mmene ikudulidwira. Mtengo wa tsanya kapena mombo umatenga zaka makumi kuti ukhwime, koma uvuni wa makala umaumaliza m'masiku ochepa. Pa uvuni wa dothi umene timauona m'mphepete mwa misewu, kilogalamu imodzi ya makala imafuna nkhuni zolemera makilogalamu 5 mpaka 10. Tikatero, kasupe uja tamusandutsa nkhokwe.

Utsi wa m'khitchini nawo ndi wakupha. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 3 miliyoni amamwalira chaka chilichonse ndi matenda obwera chifukwa cha utsi wa m'nyumba, monga chibayo. Ovutika kwambiri ndi amayi ndi ana obereka kumbuyo.

Apa pali chodabwitsa. Gasi wophikira wa m'masilinda ndi gwero lotha, koma kwa banja la m'tauni limene limaphikira makala, kusinthira ku gasi kumateteza mapapo ndi nkhalango yomwe. Kwa banja la kumudzi limene silingafike pa gasi, mbaula yadothi yosunga moto monga Chitetezo, nkhuni zouma bwino ndi kamunda ka mitengo pakhomo ndiyo sitepe yoyamba. Kusintha kumayambira pomwe munthu waima.

Pali mgwirizano winanso umene ophunzira ayenera kuuona. Mapiri akametedwa, dothi limakokolokera m'mitsinje. Matope ndi zinyalala za namasupuni zakhala zikutseka makina a magetsi pa mtsinje wa Shire. Thumba la makala ndi babu lozima ndi nkhani imodzi.

6.4 Chigawo chimodzi, njira zosiyana

Mayiko a kummwera ndi pakati pa Africa tingawaike m'magulu awiri potengera magetsi awo.

Gulu loyamba limadalira malasha: South Africa, Botswana (siteshoni ya Morupule) ndi mbali yaikulu ya Zimbabwe, kumene siteshoni ya Hwange inaonjezeredwa mamegawati 600 mu 2023. Kwa mayiko awa, kusintha kumatanthauza kutseka pang'onopang'ono masiteshoni akale popanda kutaya anthu. Ku South Africa migodi ya malasha imalemba anthu pafupifupi 90,000. Siteshoni ya Komati ku Mpumalanga itatsekedwa mu 2022, anthu a m'deralo anadandaula kuti ntchito zatsopano sizinabwere pa nthawi yake. Phunziro lake n'lakuti ntchito zatsopano ndi maphunziro a luso ziyenera kukonzedwa siteshoni isanatsekedwe. Komabe dziko lomwelo, kuyambira 2011, lalola makampani kumanga minda yambiri ya dzuwa ku Northern Cape ndi ya mphepo monga wa ku Jeffreys Bay.

Gulu lachiwiri limadalira madzi: Zambia, Malawi, Mozambique (damu la Cahora Bassa, mamegawati 2,075), DRC (Inga) ndi Angola. Magetsi a mayiko awa ndi aukhondo kale. Vuto lawo ndi lina: magetsiwo ndi ochepa, safika kwa anthu ambiri akumudzi, ndipo ali pa gwero limodzi limene nyengo ikulisokoneza. Pa chilala cha 2024 madzi a ku Kariba anatsika kwambiri moti madera ena a ku Zambia ankakhala maola 21 pa tsiku opanda magetsi. Ku Malawi vuto linabwera ndi madzi ochuluka: mu Januwale 2022 namondwe Ana anawononga damu la Kapichira, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo siteshoniyo inayambanso kugwira ntchito mu 2023.

Nanga mayiko oterewa achite chiyani? Mutu umodzi susenza denga. Dzuwa ndi madzi zimathandizana bwino: masana mapanelo akugwira ntchito, damu limasunga madzi ake kuti liwagwiritse ntchito usiku, ndipo chaka cha chilala dzuwa ndiye limachuluka. Ku Malawi munda wa sola wa ku Salima wa mamegawati 60 unayamba mu 2021, ndipo wa ku Golomoti wa mamegawati 20, wokhala ndi mabatire, unatsatira mu 2022. Ku Mozambique kuli wa ku Mocuba kuyambira 2019, ndipo ku Zambia anatsegula wa ku Chisamba wa mamegawati 100 mu 2025. Mayiko amagulitsananso magetsi kudzera mumgwirizano wa Southern African Power Pool umene unakhazikitsidwa mu 1995. Ngakhale pa mafuta a galimoto pali chiyambi: kuyambira 1982 dziko la Malawi lakhala likusakaniza petulo ndi ethanol wopangidwa kuchokera ku nzimbe za ku Dwangwa, ndipo pambuyo pake za ku Nchalo.

Pali mtsutso umene simuyenera kuuthawa m'kalasi. Africa yense amatulutsa zosakwana magawo 4 pa 100 za carbon dioxide wa padziko lonse, koma anamondwe monga Idai mu 2019 ndi Freddy mu 2023 anapha anthu athu. Ena amati: mayiko olemera analemera ndi malasha, bwanji akuletsa ife? Dziko la Mozambique linayamba kutumiza kunja gasi wa m'nyanja ya ku Cabo Delgado mu 2022, ndipo Zambia imadalira siteshoni ya malasha ya Maamba madzi akatsika. Ena amayankha kuti siteshoni ya malasha imamangidwa kuti igwire ntchito zaka 40 kapena kuposerapo, ndipo ngongole yake idzabwezedwa ndi ana amene mukuwaphunzitsa lero, pamene dzuwa likutchipirabe. Pamsonkhano wa zanyengo wa ku Dubai mu 2023 mayiko anagwirizana zochoka ku magwero otha mwachilungamo ndi mwadongosolo. Tanthauzo la "mwachilungamo" ndilo likukambidwabe. Ntchito yanu si kusankhira ophunzira mbali, koma kuwathandiza kuikira umboni mbali imene asankha.

6.5 Kuphunzitsa mutuwu

Amene anaphunzitsapo sukulu ya kwacha amadziwa kuti munthu amagwira msanga chinthu chimene wachiyala yekha pansi. Njira yomweyo imagwira ntchito kwa ana.

Mapu a mphamvu. Tulukani panja. Ophunzira ajambule mudzi wawo pansi ndi ndodo, aike timitengo pamene amatola nkhuni, mwala pachigayo, tsamba pamene pali sola. Itanani agogo mmodzi adzaonetse pamene nkhuni zinkapezeka iwo ali ana.

Kuvota ndi nyemba. Jambulani pansi tebulo la mu Ntchito 2. Gulu lililonse lilandire nyemba khumi pa funso lililonse, ligawe nyembazo ku magwero molingana ndi mmene likuonera. Phindu silili pa chiwerengero cha nyemba, lili pa kukangana kumene kumabuka poziika. Onetsetsani kuti atsikana, amene nthawi zambiri ndiwo amatola nkhuni, akulankhula.

Masamu a sola. Panelo imodzi ya mawati 300 ikalandira dzuwa lamphamvu maola 5 imapanga 300 x 5 = 1,500, kutanthauza mayuniti 1.5 pa tsiku. Tichotse gawo limodzi mwa anayi lotayika m'mawaya ndi m'batire, patsala yuniti 1.1. Mababu khumi a mawati 10 oyaka maola 4 amadya 10 x 10 x 4 = 400, kapena yuniti 0.4. Panelo imodzi ikwanira kuunikira kalasi yowerengera usiku n'kutsalako zotchajira mafoni. Koma afunseninso: batire likatha pakapita zaka zingapo, adzagule lina ndani, nanga lakalelo lidzatayidwa kuti? Sola zambiri za m'masukulu zimafa chifukwa funso ili silinafunsidwe poyamba.

Chenjezo: m'kalasi mwanu muli ana amene sukulu yawo ikulipiridwa ndi ndalama za makala. Musawachititse manyazi. Kambani za vuto ndi njira zotulukira, osati za anthu oipa.

Mwachidule

Magwero otha amasungika ndipo amapezeka nthawi iliyonse, koma amatha, amadya ndalama tsiku ndi tsiku, ndipo utsi wake ukusintha nyengo ndi kudwalitsa anthu. Magwero obwerera amatulutsa mpweya woipa wochepa kwambiri ndipo atsika mtengo, koma amadalira nyengo ndipo nawo ali ndi owalipira. Palibe gwero lopambana mafunso onse anayi. Njira yotetezeka m'chigawo chathu ndi kusakaniza magwero aukhondo, kuchepetsa malasha ndi dizilo mosataya anthu, ndi kusaiwala khitchini.

Mafunso odziyesa
1. N'chifukwa chiyani nkhuni sizingatchedwe gwero lobwerera nthawi zonse?
2. Fotokozani mmene dzuwa ndi damu zimathandizirana.
3. Kodi vuto la magetsi la South Africa likusiyana bwanji ndi la Zambia?
4. Sukulu ikufuna kuyatsa mababu 20 a mawati 10 kwa maola 3. Kodi panelo imodzi ya mawati 300 ikwanira?

Mayankho
1. Zimabwerera pokhapokha mitengo ikubzalidwa ndi kukula mofanana ndi mmene ikudulidwira.
2. Masana sola imapereka magetsi ndipo damu limasunga madzi ogwiritsa ntchito usiku. Pa chilala dzuwa limachuluka.
3. South Africa iyenera kuchepetsa malasha ndi kuteteza ogwira ntchito. Zambia iyenera kuonjezera magwero ena kuti isadalire madzi okha.
4. Inde. 20 x 10 x 3 = 600, kapena yuniti 0.6, imene ndi yochepera yuniti 1.1.

Tumizani tebulo lanu la mu Ntchito 2 pamodzi ndi ndondomeko ya phunziro limodzi la mphindi 40 kwa mlangizi wanu musanayambe gawo 7, limene likukamba za kasamalidwe ka madzi ndi nkhalango pasukulu.